Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mantha a bondo

Gawo lathali ndinalekeza pomwe kalata yondilola kukayamba sukulu inafika. Pofika kumapeto kwa Seputembala ndinali ku Loughborough, tauni yaing'ono ya ku England yomwe yunivesite yake imatchuka pa zamasewera. Ndinakachita digiri yachiwiri, MSc, ya chaka chimodzi ya sport and exercise psychology.

Tisanatsanzikane, Bambo anandifunsa kuti, "Mwanangu, sukulu yakeyi ukatha uzidzagwira ntchito yanji?" Ndinati, "Bambo, ndizidzathandiza osewera amene thupi lili bwinobwino koma mtima ukukana." Anangogwedeza mutu.

Masabata oyamba tinkangowerenga. Tinayambira pa Norman Triplett, yemwe mu 1898 anaona kuti opalasa njinga amathamanga kwambiri akakhala ndi anzawo kusiyana ndi akakhala okha. Statistics inandivutitsa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Phunziro limene linandigwira mtima linali la osewera ovulala. Ine ndinasiya ntchemberembaye mtsempha wa m'bondo utaduka. Bondolo linapola, koma ndikadumpha kuti ndiwakhe mpira, mwendo unkauma ndisanatere pansi. Anzanga ankati ndayamba ulesi. M'kalasimo ndinamva kuti osewera ambiri oduka mtsempha umenewu, wa ACL, sabwereranso pamlingo wawo wakale, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu n'kuopa kuvulalanso. Ndinalemba zimenezo dzanja likunjenjemera.

Mantha amenewa ali ndi njira yake yowachepetsera. Wosewera amatseka maso n'kudziona akudumpha, akutera ndi miyendo iwiri, mawondo atapinda, akumva ngakhale kulira kwa nsapato pabwalo. Kenako amadumphadi, pang'ono lero, mawa kuwonjezera, wa physio ali pambali. Palibe chodula pamenepa. Mtsikana wa ku Ndirande amene amalota zodzasewera mu Malawi Queens akhoza kuzichita, bola papezeke womutsogolera. Mpaka lero zimandiwawa kuti ine ndinalibe wondiuza.

Ku Britain MSc yokha sikupatsa dzina la sport and exercise psychologist. Pamafunikanso zaka zosachepera ziwiri ukugwira ntchito moyang'aniridwa, kenako kulembetsa ku HCPC, bungwe lovomereza ogwira ntchito zaumoyo kumeneko. Ndalama za zimenezo ndinalibe, choncho mphamvu zonse ndinaziika pa kafukufuku wanga wa atsikana obwerera m'bwalo atavulala. Gawo likubwerali ndifotokoza mmene ndinawapezera atsikanawo.