Mmene tinayendetsera dandaulo la tsankho mpaka ku leba ku Salima

Pamalo ogona alendo pamene ndimagwira ntchito ya pa risepishoni ku Senga Bay, madandaulo anachuluka moti tsiku limene tinakhala pansi kuti tilembe kalata tinasowa poyambira. Wina akuti manijala watsopano sapereka moni, wina akuti anamukaniza kupita kumaliro a malume ake, ena akuti pageti amasecha ife akuda okhaokha, mkulu wa ophika akulira ndi malipiro. Zonsezi tinkangoziunjika pamodzi n'kumati ndi tsankho. Chimene chinatipulumutsa n'choti tisanalembe kanthu tinayamba tapeta: izi ndi kusadziwa chabe, izi ndi tsankho lenileni. Ziwirizi sizithetsedwa mofanana.

Za kusadziwa sizinafune leba. Manijalayu anachokera kunja, ndipo fomu yopemphera tchuthi cha maliro imene anabweretsa inkatchula makolo, mkazi kapena mwamuna, ndi ana basi. Tinapempha kuti tikumane naye, ndipo amene analankhula ndi bambo wachikulire wosamalira maluwa, ine ndikumasulira. Bamboyo anavula chipewa, n'kufotokoza mosathamanga kuti kwa Achewa ndi Ayao malume ndiye mwini mbumba, ndiye amaweruza milandu ya pabanja, ndipo mphwake akasowa pamaliro mudzi wonse umafunsa. Anati, "Bwana, inu mwalemba abale atatu. Ife tikawerenga choncho ndiye kuti kumudzi tasamukako." Anafotokozanso kuti munthu wa imvi saitanidwa ndi dzina loyamba kapena kukodoledwa ndi chala, komanso kuti anzathu ambiri a kuno kunyanja ndi Asilamu, choncho shifiti ya Lachisanu masana iziganizira nthawi ya ku mzikiti. Manijala analemba zonse, fomu inasintha, ndipo mashifiti tinasinthana tokha. Kunena zoona, pa zimenezi munthuyo sanavute ayi.

Zotsalazo ndiye zinali ndi minga. Pa chilichonse tinkadzifunsa funso limodzi: kodi lamulo limeneli likukhudza aliyense, kapena likuona khungu? Kusecha zikwama poweruka si kulakwa, katundu amasowadi m'malo ngati athu. Koma anzathu ochokera kunja ankadutsa pageti pomwepo ndi zikwama zawo, mlonda n'kungowapatsa ulemu. Kukhitchini anatiletsa Chichewa ati kuti pasakhale miseche, koma iwo ankacheza m'chilankhulo chawo tsiku lonse. Ine pa risepishoni ndinauzidwa kuti mlendo wa ku Malawi azilipiriratu zonse asanapatsidwe kiyi, pamene mzungu azidya ndi kumwa n'kudzalipira pochoka. Ndipo mkulu wa ophika, amene wakhala pamoto zaka zambiri, ankalandira ndalama zochepa kuposa mnyamata wochokera kunja amene iye yemweyo ankamuphunzitsa kukonza chambo.

Apa m'pamene panafunika kope. Ndinagula la chikuto cholimba, ndipo chilichonse chochitika ndinkalemba tsiku, nthawi, mawu enieni amene ananenedwa, ndi amene analipo. Osalembamo kuti "amatida", chifukwa zimenezo bwana aliyense amangokana. Kulembamo kuti madzulo a tsiku lakuti, akutiakuti anasechedwa, akutiakuti anadutsa, mlonda anali uje. Umboni wamphamvu unapezeka pamalo amene sitinkaganizira: buku la pageti, limene alonda ankalembamo mayina a osechedwa. Tsamba ndi tsamba munalibe dzina la wakunja ngakhale limodzi. Sitinalitenge bukulo, ndipo musamayerekeze kutenga mapepala a kampani mobisa, mudzasanduka inuyo oimbidwa mlandu. Tinangolitchula m'kalata kuti lidzaonedwe. Mapeyisilipi ndi makontirakiti aliyense anasunga ake, ndi fotokope yomwe.

Kalatayo tinaimangira pa malamulo. Gawo 20 la Malamulo Aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo kapena kumene anachokera, ndipo gawo 31 limapatsa aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito. Lamulo la zantchito la Employment Act la mu 2000 limabwereza zomwezo pa gawo 5, pokhudza kulemba ntchito, maphunziro, kukwezedwa ndi kuchotsedwa, ndipo gawo 6 limati ntchito yolemera mofanana malipiro ake akhale ofanana. Sitinalembe ngati maloya. Tsamba limodzi lokha: zimene zikuchitika, masiku ake, gawo la lamulo, ndi zimene tikupempha. Tinasindikiza ziwiri, ina tinapereka, inayo tinapempha kuti asainepo ndi kudinda kuti alandira.

Kusainitsa anthu ndiye kunali kovuta kuposa kulemba. Pokambirana aliyense anali wolusa, koma cholembera chitafika ena anakumbukira ana asukulu ndi ngongole za ku banki mkhonde. Sindiwaweruza, ntchito ku Salima sizili pambalambanda. Chimene chinalimbitsa ena mtima ndi gawo 57 la lamulo lomwelo, limene limati kukadandaula kuti bwana akuphwanya lamulo si chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito. Enabe anakana kusaina koma analonjeza kudzachitira umboni akadzafunsidwa, ndipo tinavomera. Amene muli ndi yuniyoni pantchito panu, yambirani kumeneko, katunduyu asakhale pamutu pa munthu mmodzi. Ife tinalibe.

Mnzathu wina wa ku Rumphi, mayi wochapa zovala, anasaina koma anatiuza mawu: "Achimwene, mulembemonso zimene mumandinena ine kukhitchiniko." Ankanena za nthabwala zonyoza Atumbuka ndi kalankhulidwe kake. Panali kaye kuseka kwamanyazi, kenako tinawonjezera mzere wopempha kuti lamulo loletsa kunyozana likhudze mtundu uliwonse, wakunja kapena wakonkuno. Gawo 20 lija silinena za azungu okha.

Yankho silinabwere, ndiye tinakwera galimoto kupita ku boma, ku ofesi ya zantchito imene aliyense amangoti ku leba. Tengani chitupa cha unzika, kontirakiti, mapeyisilipi, kalata yodindidwa ija ndi kope. Lawirani, chifukwa pabenchi pamakhala anthu a m'maesiteti, alonda, antchito a m'nyumba, aliyense ndi yake. Ofesala anatimvetsera, anafunsa ngati tinayamba tadandaula kuntchito konko, ndipo ataona chidindo chija sanachulutsenso mafunso. Analemba kalata yoitana abwana, yokhala ndi tsiku lokumana, ndipo tinakaipereka tokha. Popereka sainitsaninso.

Dziwiranitu kuti ofesala wa leba si woweruza. Ntchito yake n'kuyanjanitsa mbali ziwiri ndi kukumbutsa zimene lamulo likunena. Pa tsikulo kunabwera manijala ndi mwini malo. Pa zosecha iwo anati katundu amasowa. Ofesala anapempha buku la pageti, anatsegula masamba angapo mwakachetechete, kenako anafunsa ngati katundu amasowera m'zikwama za Amalawi zokha. Sipanakhale yankho. Tinagwirizana kuti kusecha kukhale kwa aliyense, ndi manijala yemwe, kapena kuthe. Za Chichewa kukhitchini zinatha pomwepo: Chingerezi polankhula ndi mlendo amene sakumva Chichewa, kwina konse munthu alankhule chimene akufuna. Za alendo a ku Malawi ofesala ananena poyera kuti si nkhani ya bwana ndi wantchito, ndipo mlendo wosalidwa angathe kukadandaula yekha ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, ku Lilongwe. Komabe mwini malo, pozindikira kuti m'nyengo imene alendo akunja achepa malowo amadalira mabanja ndi misonkhano ya anthu ochokera ku Lilongwe, analamula kuti kalipiridwe kakhale kamodzi kwa onse. Musatuluke m'chipindamo zogwirizanazo zisanalembedwe ndi kusainidwa, aliyense atenge pepala lake.

Malipiro okha ndiwo anakanika. Abwana anati mnyamata uja ali ndi mapepala a sukulu yophika ya kunja. Ofesala anapempha kuti abweretse zolembedwa zosonyeza ntchito ya aliyense mwa awiriwo, ndipo zitabwera zinali pafupifupi zofanana, kupatula kuti mkulu wa ophika ndiye amayang'aniranso sitoko ndi kugula nsomba. Abwana anapereka kakuwonjezera kochepa, mkulu wa ophikayo anakana. Zikatere ofesala amalemba kalata yotumiza nkhaniyo ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito, ndipo kwa ife a ku Salima lapafupi lili ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Munthu angathe kudziimira yekha popanda loya, koma kumafunika kuleza mtima chifukwa milandu imachedwa. Amene mwachotsedwa kale ntchito musazengereze: dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika ku leba pasanathe miyezi itatu, ndipo gawo 61 la Employment Act limati bwana ndiye ayenera kusonyeza chifukwa chimene anakuchotserani.

Mkulu wa ophika adakali pantchito ndipo nkhani yake inalembetsedwa ku khoti, akudikira tsiku. Tinagwirizana kuti tsikulo likadziwika tidzasonkherana ya thiransipoti, ndipo awiri mwa ife tidzapita naye ngati mboni.