Kabokosi kotsika limodzi ndi wowerenga

Sabata yathayi ndinkafuna kuti kabokosi ka mitu ya nkhani, kam'mbali mwa tsamba la pa intaneti, kazitsika limodzi ndi munthu akamawerenga. Ndinathamangira JavaScript, chilankhulo cholembera kodi yoyendetsa zinthu pa tsamba: munthu akangotsitsa tsamba (scroll), ine n'kusintha `top` ya kabokosiko, kutanthauza mtunda wake kuchokera pamwamba. Kankatsatiradi, koma kakunjenjemera ngati kagwidwa malungo.

Vuto linali lakuti sindinkadziwa mmene browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imagwirira ntchito. Pa sikirini zambiri imajambula tsamba ka 60 pa sekondi, ndiye chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi ngati 16 basi. Ukasintha `top`, browser imayenera kuwerengeranso malo a zinthu pa tsambalo, nthawi n'kuithera. Koma `transform: translateY()` imangosuntha kabokosiko osakhudza anzake. Nditasinthira kumeneko, n'kuika kusunthako mkati mwa `requestAnimationFrame`, imene imayendetsa kodi browser ikatsala pang'ono kujambula chithunzi chotsatira, kunjenjemera kunatha.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi masamu ake. Kabokosi sikalumphira pamalo ake nthawi imodzi ayi. Pa chithunzi chilichonse kamayenda gawo limodzi mwa magawo 10 a mtunda wotsala. Ngati katsala ndi mapikiselo (timadontho ta pa sikirini) 200, kamayenda 20, kenako 18, kenako 16.2, mpaka kufika mwakachetechete ngati munthu wosafuna kudzutsa mwana. Pamasamu enieni sikafika n'komwe, kamangoyandikirayandikira, choncho ndinalemba kuti mtunda ukachepera theka la pikiselo kaime. Apo ayi, kodiyo imangozungulira n'kumadya batire pachabe. Komanso pa foni ya 120 Hz (yojambula ka 120 pa sekondi) kamafika msanga kuposa pa laputopu yanga, chifukwa zithunzi zake n'zochuluka kawiri.

Ndiye manyazi anandigwira nditazindikira kuti CSS, chilankhulo chokonzera maonekedwe a tsamba, ili ndi `position: sticky` yogwira ntchito yomweyi, imene browser ya Chrome inayamba kuilandira mu version 56, mu 2017. Mizere iwiri yokha! Poyamba inakana, ndinakhala madzulo onse ndikukanda mutu. Ndinali nditaiwala kuika `top`, ndiponso bokosi lalikulu lokuta zonse linali ndi `overflow: hidden` (yobisa zosefukira kunja kwa bokosi), imene imasokoneza sticky osakuuza chilichonse.

Pa mitu ya nkhani ndikugwiritsa ntchito sticky, chifukwa wowerenga safuna zovina pambali pa zimene akuwerenga. Kodi ya masamu ija ndaisungira kabatani kobwerera pamwamba, ndipo mawa ndiyesa kuizimitsa kwa anthu amene anasankha kuchepetsa zoyendayenda pa sikirini (`prefers-reduced-motion`), poti ena zinthu zoyendayenda zimawachititsa chizungulire.