Recloser inalipo, koma feeder yonse inazima

Sabata ino ku Kasungu inayamba monga mwa masiku onse a dzinja: kusadza mitengo pansi pa laini ya magetsi ya 33kV, kusintha mafyuzi pa mathiransifoma, kuchirikiza mapolo odyedwa ndi chiswe. Chimene chandiwawa ndi cha Lachitatu usiku.

Mvula ya mphepo inagwetsera nthambi ya bulugamu pa kalaini kopatuka chakumbali ya Chamama. Pamphambano pake pali recloser, switchi yodula yokha magetsi pakachitika vuto pa laini, ndipo ntchito yake anzanga mukuidziwa: imadula, kudikira pang'ono, n'kulumikizanso, chifukwa mavuto ambiri a laini ya m'mwamba, monga mphenzi kapena nthambi yongokhudza, amatha okha. Ikalephera katatu kapena kanayi imakhoma, kalaini kokhako n'kuzima, ena onse magetsi ali nawo. Usikuwo siinagwedezeke n'komwe. Inadula ndi breaker, switchi yaikulu ya ku sabusitesheni, choncho feeder, laini yaikulu yochokera kumeneko, yonse mdima, zipatala zazing'ono ndi zigayo zomwe.

Ku control, kumene amayang'anira malaini ali kutali, sankaona kanthu, choncho gulu linayenda pansi kutsata mapolo m'matope ndi matochi, galimoto imodzi yomweyo itatitimira. Nthambi inapezeka kutacha.

Titatsegula bokosi la recloser tinapeza zinthu zitatu. Fyuzi ya VT, kathiransifoma kamene kamapatsa bokosilo mphamvu kuchokera pa laini, inali itapsa kalekale. Mabatire awiri a 12V amene amayenera kugwirizira pa 24V anali atatupa. M'bokosi lachitsulo lokhala padzuwa la October mabatire otere sachedwa kutha. Chachitatu, SIM ya mu modem inalibe bandulo, ndiye alamu yoti batire yatsika siinafike kwa aliyense. Relay, ubongo wa recloser umene uli m'bokosimo, itafa chonchi, ngakhale waya ukanaduka n'kugwera panjira, SEF ya pamenepo, chitetezo chomva magetsi ochepa othawira pansi, sikanaumva, ndipo ana amadutsa pomwepo popita kusukulu. Apa m'pamene mtima wanga sukukhazikika.

Mabatire amenewa tinawaitanitsa mvula isanayambe. Yankho la kusitolo linali lakuti tidikire. Mabwana amanyadira kugula ma recloser ndi SCADA yowaonera kuchokera ku control, koma bajeti ya mabatire, mafyuzi a VT, bandulo ndi mafuta oyendera mabokosi mulibe, pamene zimenezi n'zotchipa kwambiri poyerekeza ndi makinawo. Bokosi lililonse lifunika kulitsegula dzinja lisanafike, kuyesa batire itasenza katundu osati kungowerenga mavolti, kuona waya wa earth ndi ma surge arrester oteteza ku mphenzi, n'kuonetsetsa kuti nthawi yake yodulira ili patsogolo pa ya breaker ya ku sabusitesheni.

Lachinayi tinaika mabatire obwereka ndi fyuzi yatsopano, n'kuyesa kutsegula ndi kutseka kuchokera ku control. Lachisanu linapita ndi malipoti ndi madandaulo a eni zigayo. Mabokosi a mbali ya Santhe sanayenderedwebe, ndipo mabatire ake ndi a gulu lomwelo la otupa aja.