Tchaja ya foni ya pa batire ya sola yatheka, koma za kusitolo kuja zikundiwawabe

Mafoni a m'nyumba mwathu tsopano akutchajika pa batire ya sola popanda kudukizadukiza, ndipo mtima wakhala pansi. Batire ndi ya 12V, foni imafuna 5V, ndiye pakati pamafunika kanthu kotsitsa mphamvuyo. Za kuwotcherera ndi kusiyanitsa waya wofiira ndi wakuda sindinenapo, aliyense amene anagwirapo soldering iron amazidziwa.

Ambiri timayambira pa 7805, kachipangizo ka miyendo itatu kaja, chifukwa kamapezeka paliponse, ngakhale pa bolodi ya wailesi yakufa mutha kukazula. Mukakayang'ana mbali ya zolemba, mwendo wakumanzere ndi wolowera, wapakati ndi wa negativi, wakumanja ndi wotulutsa 5V. Ndinaika kapasita ya 0.33µF kolowera ndi ya 0.1µF kotulukira monga m'mene amalangizira, mita yoyezera magetsi n'kuonetsa 5.0V. Koma foni itangolumikizidwa inkatchaja pang'ono, kusiya, kuyambanso, kusiyanso. Kukakhudza kachipangizoko kankawotcha chala. Sikanali kowonongeka ayi, ndi m'mene kamagwirira ntchito. Mphamvu yotsalayo 7805 imangoisandutsa kutentha. Batire yodzaza imakhala cha pa 12.6V, ndiye pamatsala 7.6V, ndipo foni ikamakoka 0.5A ndiye kuti 3.8W yonse ikuthera pa kathupi kakang'onoko. Masana sola ikamakweza batire kufika cha m'ma 14V zimanyanya. Mkati mwa 7805 muli chitetezo chokazimitsa kakatentha kwambiri, n'chifukwa chake foni imadukiza. Heatsink, chitsulo chomangirirapo kuti chizichotsa kutentha, imachepetsa vutoli, komabe mphamvu yoposa theka imene mwaikolola padzuwa ikutayika chabe, pomwe batire yomweyo ndi imene ikuyenera kuyatsa mababu usiku.

Njira yabwino ndi kabolodi ka LM2596, kabuluu kaja kokhala ndi kasikulu kosinthira. Iko sikawotcha mphamvu yotsala. Kamayatsa ndi kuzimitsa mofulumira kwambiri, maulendo 150,000 pa sekondi, ndipo koyilo ndi makapasita zimasalaza zotulukazo. Apa ndi pamene ndinakumana nazo.

Ndinaimbiratu foni kusitolo ina ya zamagetsi m'tauni kufunsa ngati ali nako. Anati kalipo, bwerani. Ndinakwera minibasi m'mawa, kufika pamenepo mnyamata wa pa kauntala akuti: "Pepani achimwene, tinthu tating'ono timeneto amasunga ndi abwana mu dilowa, makiyi apita nawo. Dikirani pang'ono, afika pompano." Pompano ameneyo anafika dzuwa litapendeka. Ndinakhala pa benchi panja, ogula mababu ndi maswitchi akulowa n'kumatuluka, ine ndili duu, ntchito zina zitaima kunyumba. Atafika mwini sitolo sanapepese n'komwe. Anatulutsa kabolodiko m'kapulasitiki kosamata, natchula mtengo wokwera kuposa umene ananena pa foni, ati chifukwa "aka ndi ka orijino". Nditapempha kuti tikayeze pomwepo, anati alibe batire. Sitolo yogulitsa mabatire a sola, ali ndandanda kumbuyo kwake! Lisiti anati buku latha. Ndinalipira chifukwa kunali kukuda ndipo sindinafune kubwerera chimanjamanja.

Ndisanapitirize, mverani izi: musalumikize foni musanayeze ndi mita. Timabolodi timeneti timabwera kasikulu kali paliponse, ndipo kambiri timatulutsa pafupifupi mphamvu yonse ya batire. Mukalowetsa 12V mu foni, mutha kuipha. Kasikuluko kamafuna kuzunguliza kumanzere kambirimbiri nambala isanayambe kutsika, moti ena amaganiza kuti kafa n'kukataya. Pitirizani kuzunguliza, maso ali pa mita, mpaka ifike pa 5.1V.

Ndinatero, zonse zinaoneka bwino. Kenako ndinayeza chikugwira ntchito, chifukwa nambala imene mita imaonetsa popanda chokoka mphamvu siikuuzani zambiri. Ndinaika rezisita ya 5 ohm ya 10W, imene pa 5V imakoka 1A. Ngati mulibe, babu ya indiketa ya galimoto ya 21W imathandiza, imakoka cha pomwepo. Kabolodi kamene amati kamapirira 3A kanayamba kutentha pa 1A yokha, koyilo ikuwotcha, nambala ikugwedezeka. Nditawonjezera babu ija pambali pa rezisita, mphamvu inagweratu.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wokonza mawailesi ndi ma TV pamsika wakwathu. Tebulo lawo ndi lodzaza mabolodi akale, ndipo magetsi akathima amaika soldering iron yakufa pa mbaula, n'kumawotcherera nayo isanazizire. Anakatembenuza kabolodiko, nayang'anitsitsa zolemba ndi galasi, kenako anatenga mita yawo yoyeza Hz n'kugunditsa pa mwendo wachiwiri wa tchipi cha LM2596 chimene chili pa bolodipo. Inaonetsa cha m'ma 50kHz, ndiye kuti maulendo 50,000 okha pa sekondi. "Mwana wanga, akugulitsani chachabe. Dzina lokha ndi limene alembapo." Anandifotokozera kuti yeniyeni imayenda pa 150kHz, pomwe mkulu wake wakale, LM2576, amayenda pa 52kHz, ndiye pali anthu amene amatenga tchipi choyenda pang'onopang'ono n'kuchidinda dzina la LM2596. Koyilo ya pa bolodiyo anaisankhira 150kHz, ndiye ikamayendetsedwa pang'onopang'ono imatentha ndipo magetsi otuluka sakhala osalala. Yeniyeni inkapangidwa ndi National Semiconductor, kampani imene inagulidwa ndi Texas Instruments mu 2011, koma chizindikiro cha pa tchipi musachikhulupirire, chimakopereka mosavuta.

Ndinabwerera nako kusitolo kuja. Mwini wake anangoloza chikwangwani cha pakhoma chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, nafunsa lisiti, lomwe lija anati buku latha. Anawonjezera kuti mwina ndakawotcha ndekha polumikiza mawaya motembenuza. Ndinawauza za 50kHz, iwo n'kumayang'ana pa foni yawo. Ndalama ya minibasi ya maulendo amenewa inaposa mtengo wa kabolodiko. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi choti ana asukulu amene akuyamba kumene kukonda zamagetsi amagula komweko, chinthu chikakanika n'kumadziona ngati iwowo ndiye osatha, mpaka ena kusiyiratu. Mukamapita kogula, nyamulani mita yanu, kabatire ndi babu m'thumba. Akakana kuti muyeze, tulukani.

Ndaiwala kunena za fyuzi, imene imayenera kukhala yoyamba pa zonse. Batire ya sola, ngakhale yaing'ono, mawaya akagundana imatulutsa mphamvu yokwanira kufiiritsa waya ndi kuyatsa nyumba. Ikani fyuzi ya 2A kapena 3A pa waya wofiira, pafupi ndi mutu wa batire penipeni, osati kumapeto kwa waya. Ikaninso dayodi kolowera, monga 1N5822, kuti wina akadzatembenuza mawaya mumdima kabolodi kasapse.

Kabolodi kabwino ndinakapeza kudzera kwa bambo aja, ndipo tinakayeza limodzi pa tebulo pawo ndisanapereke ndalama. Pa 1A kamangofunda pang'ono. Ndinabwereza zonse zija: kasikulu kumanzere, mita pa 5.1V, babu kaye, foni pomaliza. Musadumphe pamenepa ngakhale mwagula kwa munthu amene mumamukhulupirira. Yezani musanalumikize foni, ndipo yezani pali chokoka mphamvu. Mukamaliza donthezani guluu kapena penti ya zikhadabo pa kasikuluko kuti kasasunthe.

Panatsala vuto limodzi. Foni inkatchaja, koma mochedwa kwambiri, ngakhale mita inkaonetsa 5.1V. Soketi ya USB ili ndi miyendo inayi. Iwiri yam'mbali ndi ya magetsi, iwiri yapakati, D+ ndi D-, ndi ya mauthenga. Yapakatiyo ikasiyidwa yosalumikiza, mafoni ambiri amangokoka 0.5A kapena kucheperapo, poganiza kuti alumikizidwa ku kompyuta. Ndinailumikiza iwiriyo pamodzi ndi kadontho ka solder, ndipo mafoni a Android anayamba kukoka mokwanira. A iPhone akale amafuna marezisita oika mphamvu inayake pa miyendoyo, ndiye njira imeneyi siwathandiza kwenikweni. Onaninso chingwe. Zingwe zotchipa zili ndi mawaya opyapyala mkati, zimadya mphamvu m'njira moti foni imalandira yochepera 4.75V, yomwe ndi malire a USB. Ndinasintha n'kuika chachifupi chonenepa, kusiyana kunaonekera pomwepo.

Kabolodika sikadziwa kuti batire yatopa, kamangokoka mpaka kuiphwetsa. Ngati mulibe controller ya sola yodula yokha magetsi batire ikatsika, muziyeza madzulo, ndipo batire ya asidi ikatsika kufika cha pa 12.0V isakugwira ntchito, zulani mafoni mudikire dzuwa.