Sabata imodzi ndi ma medic opita ku Congo

Ndine namwino wa matenda a maganizo, ndipo sabata yatha ndinali kumsasa wa asilikali kuphunzitsa madokotala, anamwino ndi ma medic (asilikali opereka thandizo loyamba la chipatala) omwe akukonzekera kupita kum'mawa kwa Congo. Asilikali athu akhala akupita kumeneko pansi pa MONUSCO, gulu la United Nations losungitsa mtendere m'dzikolo, kuyambira 2013, pomwe nthambi yake yolimbana ndi zigawenga ya Force Intervention Brigade inakhazikitsidwa pamodzi ndi a Tanzania ndi a South Africa. Phunziro lake linali la thandizo loyamba kwa munthu amene wazunguzika mutu ndi zoopsa zomwe waona.

Lolemba ndinayamba ndi funso: msilikali wabwera alibe bala paliponse, koma akunjenjemera, maso ali tong'o, sakuyankha, mumatani? Sajeni wina anati, "Asisitala, ameneyo timam'baya diazepam agone." Wina anati kungomugwedeza n'kumuuza kuti alimbe mtima, ndi mwamuna. Holo yonse inavomereza. Jakisoniyo ndinamukana. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2013 kuti mankhwala a mtundu wa diazepam asamaperekedwe pofuna kuziziritsa mantha a m'mwezi woyamba chichitikireni zoopsa, komanso munthu woledzera ndi mankhwala m'tchire sangayende yekha, afunika anzake omunyamula.

Lachiwiri tinadutsa mfundo zitatu za m'malangizo omwe WHO inatulutsa mu 2011 mogwirizana ndi War Trauma Foundation ndi World Vision: yang'ana, mvetsera, lumikiza. Poyang'ana, anthuwa ndi akatswiri kale. Ndinangowakumbutsa kuti kusokonezeka sikuchokera ku mantha okha. Bomba likaphulika pafupi ubongo umagwedezeka, ndipo malungo, kutha madzi m'thupi kapena kutsika kwa shuga zimabwebwetetsanso munthu. Muyezeni kaye. Mfuti yake isungidwe bwino, koma mosamuchititsa manyazi pamaso pa anzake.

Ntchito inali Lachitatu, pa kumvetsera. Tinatuluka panja kukachita sewero. Kopolo wina anakhala pansi pa mtengo, mutu pakati pa mawondo, ngati woti mnzake wawomberedwa pambali pake. Medic woyamba anafika ataimirira, manja m'chiuno, mafunso ali mbwee: chachitika n'chiyani, anawombera kuchokera kuti, unamuona akugwa? Wachiwiri anayamba kulalikira. Wachitatu analonjeza kuti mnzakeyo ali bwinobwino, pomwe sanamuone n'komwe. Bodza lotere limatha msanga, ndipo likaululika msilikaliyo sadzakukhulupiriraninso.

Kenaka ndinanjuta pafupi ndi kopoloyo, cham'mbali pang'ono. Ndinatchula dzina langa, n'kumufunsa lake. Ndinamuuza aponde pansi ndi mapazi onse awiri, amve nthaka, tipumire limodzi pang'onopang'ono. Ndinam'patsa botolo la madzi, n'kukhala chete. Cheteyo ndi amene anawavuta. Ena anayamba kusuntha miyendo, ena kuseka. Atadzutsa mutu ndinamupempha andigwirire thumba la dripi m'mwamba, chifukwa kantchito kakang'ono kamabweza munthu pomwe ali. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Pamaliro sitifunsa namfedwa kuti afotokoze mmene malemu anatsirizikira. Timakhala naye pamkeka, wina wabweretsa nkhuni, wina phala, ndipo akafuna kulankhula amalankhula yekha.

Dokotala wina wamkulu anatsutsa. Iye anaphunzira kuti gulu likachoka ku zoopsa lisonkhanitsidwe, aliyense afotokoze zonse tsatanetsatane kuti zichoke mumtima. Njira imeneyo inatchukadi kale, koma kafukufuku sanaonetse kuti imateteza munthu, ndipo WHO imalangiza kuti isagwiritsidwe ntchito. Tinakangana mwaulemu mpaka nthawi ya nsima. Anandikondweretsa, chifukwa kalasi ya asilikali imatha kungoti "inde madamu" ngakhale sinagwirizane nawe.

Lachinayi tinakamba za komwe wodwalayo apite. Maganizo a ambiri anali kumukweza helikopita. Koma pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse madokotala, kuphatikizapo Thomas Salmon wa ku America, anaona kuti msilikali wotumizidwa kutali ndi gulu lake sankabwerera kawirikawiri. Asamalidwe pafupi, msanga, ndipo auzidwe kuti akuyembekezeka kuchira. Agone tulo, adye chakudya chotentha, asambe, ayimbe foni kwawo, anzake amuzonde. Ambiri amatsitsimuka m'masiku ochepa, ndipo PTSD, matenda a maganizo otsalira munthu akaona zoopsa, sititchula mwezi usanathe. Amene amatumizidwa msanga ndi wosazindikira pomwe ali, womva mawu kulibe munthu, wokana kudya ndi kumwa, kapena wonena zodzipha. Za kudziphazi ndinawaphunzitsa kufunsa mosazungulira. Kufunsa sikum'patsa munthu maganizowo.

Masana ake wina anatchula Chancy Chitete, msilikali wathu yemwe anaphedwa mu Novembala 2018 kufupi ndi mzinda wa Beni ku Congo akupulumutsa msilikali wa Tanzania wovulala, pankhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF. United Nations inamulemekeza mu 2019 ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Nkhaniyi amayidziwa onse. Ine ndinawafunsa za otsala, amene amabwerera kumsasa tsiku ngati limenelo n'kupeza mabedi a anzawo ali okhaokha. Usiku umenewo kulibe katswiri wa maganizo. Alipo ndi medic.

Lachisanu tinakamba za iwo eni. Ena anali nawo pofukula mitembo m'matope ku Chilobwe, kunsi kwa phiri la Soche, namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023. Namwino wina anati kwa miyezi ingapo mvula ikangoyamba usiku tulo tinkamuthawa, ndipo sanauze aliyense poopa kuti amunena kuti ngwofooka. Wina anangoti mowa ndi umene unamuthandiza, anzake n'kuseka, koma seko lake linali lalifupi. Tinawaika awiriawiri, kuti aliyense akhale ndi womuyang'anira ngati akudya, akugona, kapena wayamba kupsa mtima ndi zaziii.

Pomaliza aliyense analemba masitepe aja pa kakhadi kolowa m'thumba la yunifomu. Sajeni wa diazepam uja anati zonsezi zingayende bwino akuluakulu a ma platoon (timagulu ta asilikali) ndi abusa a asilikali atazimvanso, popeza ndi amene amaona msilikali medic asanafike. Mkulu wa maphunziro anavomera, n'kundiuza ndilembe ndondomeko yake. Ndaitumiza dzulo, ndipo ndaikamo theka la tsiku la sewero lokhalokha.