Lipoti la ulendo wokaona mmene mtima ungazindikiritsire munthu

Gulu lathu la ophunzira za zipangizo zachipatala linakacheza ku labotale ya pa yunivesite ina komwe akufufuza njira yodziwira munthu kudzera m'kugunda kwa mtima wake. Ambirife tinkaganiza kuti amangowerenga kuti mtima ukugunda kangati pa mphindi. Mayi amene anatilandira anaseka n'kunena kuti chiwerengero chimenecho n'chosadalirika, chifukwa chimakwera n'kutsika tsiku lonse. Iwo amayang'ana kaumbidwe ka mzere wa ECG, womwe umaonetsa timphamvu ta magetsi ta mumtima.

Mtima ukamagunda umatulutsa timphamvu ta magetsi, ndipo makina amatijambula ngati mzere wokwera ndi kutsika. Zigawo zake zimatchedwa P, Q, R, S ndi T, mayina amene anapereka Willem Einthoven wa ku Netherlands, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1924. Kukula kwa mtima, mmene wakhalira m'chifuwa komanso minofu imene magetsiwo amadutsamo zimasiyana munthu ndi munthu, choncho mzerewo nawo sufanana ndendende.

Anatiyesa mmodzimmodzi. Umavala kachipangizo pamkono, kenako umakhudza kachitsulo kake ndi chala cha dzanja linalo kuti magetsi azungulire bwino, monga zimakhalira pa wotchi ya Apple Watch kuyambira 2018. Anationetsanso nyali yobiriwira ya kunsi kwa mawotchi, ija imayeza magazi odutsa pansi pa khungu. Njira imeneyi imatchedwa PPG, ndipo anati imasokonekera msanga mkono ukangogwedezeka.

Titakhala phee pamipando, kompyuta inatidziwa bwinobwino. Zosangalatsa zinayamba atapempha mnzathu wina kuti akathamange pamasitepe. Anabwera ali wefuwefu, n'kuika chala, makina anamukana. Tinafa nalo phwete, iye akudandaula kuti mtima wake womwe wamupereka. Ofufuzawo anati vuto lalikulu la ntchito yawo lagona pamenepa. Munthu akathamanga, akachita mantha, akadwala kapena akamwa mankhwala ena, mzere uja umasintha. Mukauza makina kuti azikhululuka kwambiri, amalowetsa mlendo. Mukawakhwimitsa, amatsekera panja mwini wake.

Ena anayesapo kale kugulitsa njirayi. Kampani ya ku Toronto inapanga kachibangili kotchedwa Nymi, ndipo mu 2015 banki ya Halifax ku Britain inakayesa polowera mu akaunti pa intaneti. Ubwino umene amanena ndi wakuti chidindo cha chala chimatsala pa galasi lililonse limene wagwira, nkhope imajambulidwa mumsewu, koma mtima uli m'kati. Komatu mu 2019 kunamveka kuti asilikali a ku America ali ndi chipangizo cha laser chotchedwa Jetson chimene chimamva kugunda kwa mtima pa mtunda wa mamita 200.

Funso limene linatikhalitsa nthawi yaitali linachokera kwa mnzathu amene anagwirapo ntchito ya unamwino. Anati, "Mayi, pamzere womwewu ine ndikhoza kuona kuti mtima wa munthu ukugunda mosalongosoka. Ndiye bwana amene akutsegulitsa chitseko cha ofesi ndi mtima wa wantchito, sadziwanso matenda ake?" Mayi aja sanazembe. Anavomera kuti n'zotheka ngati mzere wonse ukusungidwa, n'chifukwa chake iwo amafuna kuti zonse zizithera m'kachipangizo ka pamkono, osatumizidwa kwina. Kwa ine, mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa ya masitepe ija. Pasiwedi ikabedwa umasintha, koma mtima sungausinthe, ndipo wakubayo amatenganso mbiri ya thanzi lako.

Tisananyamuke tinapempha kuti afufute zimene anatijambula, ndipo anafufuta ife tikuona. Anzathu awiri okha anasaina kuti zawo zitsale, chifukwa ofufuzawo akufuna kudzawayesanso pakapita miyezi ingapo kuti aone ngati makina adzawakumbukirebe.