Mamina amene sankatsata dzenje la dokotala

Kwa milungu iwiri ndakhala ndikulimbana ndi ntchito ya m'kalasi yoti ndisankhe katswiri mmodzi wa maopaleshoni a mphuno, n'kufotokoza mmene kafukufuku wake anasinthira zinthu. Ndinayambira pa manambala ngati anzanga onse. Pali muyezo wa h-index umene Jorge Hirsch anaukonza mu 2005: munthu akakhala ndi 40, ndiye kuti ali ndi mapepala 40 amene lililonse latchulidwa ndi ofufuza ena maulendo osachepera 40. Ndi wothandiza ndithu, koma mtima sunakhazikike mpaka nditawerenga za Walter Messerklinger wa ku Graz, m'dziko la Austria.

Kuti zimveke, tiyambire patsaya. M'fupa la tsaya muli mphako ya mpweya, imodzi mwa zimene madokotala amati ma sinus, ndipo khomo lake lachibadwa lolowera m'mphuno lili m'mwamba, osati pansi. Madokotala akale poona izi ankaganiza zomveka ndithu: madzi amatsika, choncho tiboole dzenje m'munsi kuti mafinya azikha okha. Panalinso opaleshoni ya Caldwell-Luc, ya George Caldwell mu 1893 ndi Henri Luc mu 1897, yocheka nkhama kuseri kwa mlomo wam'mwamba n'kuboola fupa, ndipo nthawi zambiri ankapala khungu lonse la m'kati mwa mphakoyo.

Messerklinger anakhala pansi n'kumayang'ana mmene mamina amayendera. Khungu la m'mphakomo lili ndi tiubweya tosaoneka ndi maso, timene timakankha mamina usana ndi usiku. Iye anaona kuti timawakankhira kukhomo lachibadwa lija basi, ngakhale kuti n'kokwera. Ubooleko dzenje lina m'munsi, mamina amalilambalala n'kupitiriza ulendo wawo wa m'mwamba. Apa ndinaleka kaye kuwerenga, chifukwa ndinaganizira anthu onse amene anapirira kutupa kwa tsaya ndi dzanzi la mlomo, chikhalirecho vuto lenileni lili pa kanjira kopapatiza kamene sanakakhudze n'komwe.

Mfundo yake inali yakuti matenda ambiri a m'mphakozi amayambira pamalo othinana a m'mbali mwa mphuno, pamene tinjira ta mphako ya tsaya, ya pachipumi ndi ta pakati pa maso timakumana. Ukatsegula pamenepo, mpweya umalowa, mamina amatuluka, ndipo khungu lodwala lija limatha kuchira osalipala. Kuona malo obisikawa kunatheka chifukwa cha endoscope, kachipangizo koonera m'kati mwa thupi, ya magalasi amene Harold Hopkins anakonza, yopangidwa ndi kampani ya Karl Storz.

Chimene chandiphunzitsa kwambiri ndi mmene nzeruyi inayendera. Zambiri anazilemba m'Chijeremani, ndipo buku lake la Chingelezi linatuluka mu 1978. Amene anaitengera kutali ndi wophunzira wake Heinz Stammberger, yemwe anaphunzitsa madokotala a m'mayiko ambiri, komanso David Kennedy, amene ali pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America mu 1985 anapatsa opaleshoni yotsegula tinjirati pogwiritsa ntchito endoscope dzina lofupikitsidwa kuti FESS. Kennedy anagwiranso ntchito ndi James Zinreich pa kajambulidwe ka CT, makina ojambula m'kati mwa thupi, kosonyeza tinjira timeneti bwinobwino. Wolemba pepala lero nthawi zambiri amatchula amene anafalitsa, kapena satchula aliyense chifukwa aliyense amaidziwa kale. Nanga h-index iwerenga bwanji zimenezo?

Sindikunena kuti opaleshoniyi inathetsa zonse. Kwa anthu ena tinyama totupa ta m'mphuno timameranso, ndipo mankhwala opopera ndi kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere zimafunikabe. Malonso ndi oopsa: diso lili pambali pomwepo, ubongo uli pamwamba, kolekanitsidwa ndi kafupa kopyapyala.

Dzulo aphunzitsi anatiikira chithunzi cha CT cha wodwala amene mphako yake ya tsaya inadzaza yonse. Tonse m'kalasimo maso anathamangira pa kanjira kam'mwamba kaja kuti tione ngati katsekeka, popanda wotiuza. Palibe amene anatchula dzina la Messerklinger. Zimenezi ndi zimene ndalemba pa tsamba loyamba la ntchito yanga, ndipo manambala ndawaika kumapeto.